Mafunso a Owerenga: Kodi voti imawerenga chiyani?

Makalata angapo amene atipeza mwezi uno kuchokera ku Thyolo ndi ku Mulanje akumana pa liwu limodzi la Chingerezi, lakuti "count", ngakhale kuti eni ake sadapangane. Tawayankha pamodzi, ndipo ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

Funso: Akonzi, ndine mtsikana wa Fomu 4 ndipo ndimakhala ku Luchenza. Kuyambira ku pulayimale ndimadziwa kuti "count" ndi kuwerenga manambala. Koma nthawi ya chisankho ndidaona chikwangwani cholembedwa kuti "Every vote counts", ndipo aphunzitsi athu amakonda kunena kuti "only your best six subjects count". Kodi voti ingawerenge bwanji pamene ilibe maso kapena pakamwa? Nanga ndi mawu ati ofanana nalo tanthauzo amene ndingalembe pa mayeso?

Yankho: Chemwali, voti siwerenga kanthu, ndipo mwachita bwino kudabwa. Mukakumana ndi mneni ameneyu, choyamba yang'anani chimene chili patsogolo pake. Mu chiganizo chakuti "She counts the votes" muli munthu wowerenga ndiponso chinthu chimene akuchiwerenga, choncho apa liwuli ndi lija mudaliphunzira ku pulayimale. Koma mu "Every vote counts" mneni wathera panjira, palibe chimene chikuwerengedwa ndi votiyo, ndipo zikatero tanthauzo limatembenuka: votiyo ndiyo ikulowa m'chiwerengero, ndipo popeza ikulowamo, ili ndi mphamvu yosintha zotsatira. Chichewa chikafuna kutembenuza tanthauzo chotere chimasintha mneni weniweniyo, n'chifukwa chake tili ndi kuwerenga, kuwerengedwa, kuwerengera ndi kuwerengeka. Chingerezi chimasiya liwulo mmene lilili, n'kukusiyirani ntchito yozindikira nokha.

Musaganize kuti Angerezi adachita zachilendo potenga liwu la manambala n'kuliika pa kufunika kwa chinthu, chifukwa ifenso njira imeneyi tidaiyenda kalekale. Munthu amawerenga chimene akuopa kutaya. Madzulo nkhuku zikamalowa m'khola mayi amaima pakhomo n'kumaziwerenga imodziimodzi, koma palibe amene adawerengapo madeya amene nkhukuzo zadya. Ndiye mukamva mkamwini akudandaula kuti "pamudzi pano sandiwerengera", palibe amene amathamangira kukatenga cholembera kuti aone ngati chiwerengero cha anthu a pamudzipo chaperewera. Tonse timamva kuti munthuyo akunena kuti nkhani zimakambidwa iye ali pomwepo koma osafunsidwa maganizo. Mngerezi wodandaula chimodzimodzi anganene kuti "I don't count here". Choncho chikwangwani mudachionacho chimatanthauza kuti voti iliyonse ndi yofunika, ndipo palibe yongotaya.

Kuno kwathu mawu amenewa adalemera kwambiri kuyambira pa 3 February 2020, pamene khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019, n'kugamulanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la onse amene aponyedwa. Anthu adangolitcha lamuloli kuti 50+1, ndipo kamodzi kali kumapetoko ndi voti ya munthu mmodzi. Za aphunzitsi anu nazonso n'zomveka tsopano: pa mayeso a MSCE mukhoza kulemba maphunziro asanu ndi atatu kapena kuposerapo, koma powonkhetsa mapointi amatenga asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, ndipo ndi okhawo amene amawerengedwa.

Pa za mawu ofanana tanthauzo, amene ali pafupi kwambiri ndi "matter", "be important" ndi "carry weight". Komabe ndikuchenjezeni, chifukwa ophunzira ambiri amaloweza mndandanda wa mawu otere ngati kuti lililonse lingalowe m'malo mwa linzake paliponse, zimene sizili choncho. Mnzanu akakupondani chala mu minibasi ya ku Limbe n'kupepesa, mumamuyankha kuti "It doesn't matter", kutanthauza kuti zilibe kanthu. Mutati munene kuti "It doesn't count" angadabwe, chifukwa mawu amenewo ndi a oyimbira mpira akamakana chigoli chimene wosewera wamwetsa ali pa ofusayidi. Chigoli choterocho chimawawa ochemerera onse, moti sitinganene kuti chilibe kanthu, koma sichilowa m'chiwerengero cha zigoli. Liwu la "count" silitayiratu fungo la manambala: nthawi zonse pamakhala kaundula wina, wooneka kapena wa mumtima, amene chinthucho chikulowamo kapena kutsalira kunja. Liwu la "matter" lilibe kaundula wotere.

Tiziwu ting'onoting'ono timene timatsatira mneniyu tisakupiteni. "Count on" ndi kudalira, ndipo anzake ndi "rely on" ndi "depend on". Apanso Chichewa chidafika kale, popeza munthu wodalira zosadalirika timati akuwerengera madzi a mphutsi. "Count as" ndi kutengedwa ngati, monga pamene mukufunsa ngati tsiku limene mudafika mochedwa lilembedwa kuti mudajomba. "Count against" ndi pamene chinthu chikukugwetsani poweruza. Ndipo anzanu akamakonza ulendo wokaona mathithi a ku Likhubula, wofuna kupita nawo amati "count me in", wokana amati "count me out".

Funso: Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Tsiku lililonse timayeza masamba amene anthu athyola ndipo ndimalemba lipoti m'Chingerezi. Tsiku lina abwana adandibwezera lipoti chifukwa ndidalemba kuti "we counted the leaf". Ndidachita manyazi. Kodi "count", "tally", "total", "calculate" ndi "enumerate" amasiyana pati?

Yankho: Bambo, abwana anu adalondola, ngakhale kuti cholakwacho n'chaching'ono ndipo n'chomveka. "Count" amafuna zinthu zimene mungaziloze ndi chala chimodzichimodzi. Anthu amene abwera ku ntchito m'mawa mungawawerenge, ndipo kuwerenga kotereku Angerezi amakutcha "headcount", ngati kuti akuwerenga mitu. Madengu nawonso mungawawerenge. Koma masamba a tiyi amapita pa sikelo, ndiye mneni wake ndi "weigh". Mukatha kuyeza, n'kuphatikiza makilogalamu a anthu onse kuti mupeze a tsiku lonse, mwachita "total" kapena "add up", kumene ife timati kuwonkhetsa. Mukatenga makilogalamu a munthu mmodzi n'kuchulukitsa ndi mtengo wa kilogalamu imodzi kuti mupeze malipiro ake, pamenepo ndiye "calculate", chifukwa mwachita masamu opitirira kungowerenga.

Liwu la "tally" ndilo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi lanu akalaliki. Tsiku lina pa Chitakale ndidaima pafupi ndi mayi amene ankakweza nanazi m'galimoto ya wopikula wochokera ku Blantyre. Anyamata awiri ankaponyerana nanazizo, mayiyo akuwerenga mokweza, ndipo akafika pa khumi ankatola kamwala n'kukaponya m'chitenje chimene adachipinda pamiyendo pake. Wopikulayo anali ndi kope lake, mmene ankalemba timizere tinayi toimirira, n'kutidula ndi kachisanu kopingasa. Galimoto itadzaza, mayiyo adakhuthula timiyala take pansi, bamboyo adawerenga magulu a timizere take, ndipo atapeza kuti zikugwirizana ndi pamene ndalama idatuluka m'thumba. Zimene ndidaonazo zikukwanira kufotokoza matanthauzo onse awiri a "tally". Loyamba ndi kusunga chiwerengero pang'onopang'ono ntchito ili mkati. Lachiwiri ndi kugwirizana kwa ziwerengero ziwiri, moti abwana akanena kuti "these figures do not tally" akutanthauza kuti za m'buku lanu zikusemphana ndi za ku fakitale. Ndingoonjezera kuti timizere todulidwa pa kachisanu timayenda mofanana ndi kawerengedwe ka Chichewa, kamene kamafika pa zisanu n'kuyambiranso kuti zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi.

Mbiri ya liwuli ndi ya kamtengo. Lidachokera ku "talea" ya Chilatini, kutanthauza kanthambi kodulidwa. Ku England wokongoza ndi wokongola ankatenga kamtengo, n'kukasema timipata tosonyeza kuchuluka kwa ndalama, kenaka n'kukang'amba pakati m'litali mwake kuti aliyense atenge mbali yake. Tsiku lobweza ngongole ankalumikiza mbali ziwirizo, ndipo ngati wina adaonjezera kampata mwachinyengo, timitengoto tinkakana kugwirizana. Boma la dzikolo lidagwiritsa ntchito njira imeneyi kwa zaka mazanamazana mpaka 1826. Pa 16 October 1834 ogwira ntchito adauzidwa kuti atenthe timitengo takale timene tidangounjikana, ndipo adatisonkhezera mopitirira muyeso m'ng'anjo za pansi pa nyumba ya malamulo ku London, moti moto udabuka n'kupsereza mbali yaikulu ya nyumbayo. Masiku ano liwuli timalimva kwambiri nthawi ya chisankho, pa malo owonkhetsera mavoti amene amatchedwa "tally centre". Kuwerenga kwenikweni kumachitikira pa malo oponyera voti, pamene mapepala amatambasulidwa limodzilimodzi owonerera a zipani akuona, ndipo ku "tally centre" kumangopita ziwerengero kuti zikaphatikizidwe. Mkangano wa 2019, uja udatchuka ndi Tipp-Ex, udali pa mapepala onyamula ziwerengero zimenezi.

Timiyala ta mayi wa pa Chitakale uja natonso tili ndi malo ake m'Chingerezi, popeza "calculate" adachokera ku "calculus", liwu la Chilatini lotanthauza kamwala, chifukwa Aroma ankawerengera pa timiyala. "Enumerate" ndi liwu la mu ofesi, lotanthauza kutchula zinthu chimodzichimodzi osadumpha, ndipo n'chifukwa chake anthu oyenda khomo ndi khomo nthawi ya kalembera amatchedwa "enumerators".  Taonani kuti ife ntchito imeneyi tidaipatsa dzina lochokera ku kulemba, osati ku kuwerenga. M'lipoti lanu la tsiku ndi tsiku liwu la "enumerate" lingalemere kwambiri, ndipo ndingakulangizeni kulisiya.

"Count" weniweniyo adalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, kuchokera ku "computare" ya Chilatini, ndipo tsinde lomweli ndilo lidabala kompyuta ya mu ofesi mwanu ndi akaunti yanu ya ku banki. Chosangalatsa n'chakuti m'zinenero za ku Ulaya kuwerenga manambala kudayenda limodzi ndi kusimba nkhani. Afalansa amalemba "compter" akamanena za manambala ndi "conter" akamanena za kusimba nthano, koma mawu awiriwa amatchulidwa mofanana ndipo kholo lawo ndi limodzi. M'Chingerezi "account" ndi buku la ndalama komanso ndi kufotokoza zimene zidachitika, "recount" ndi kuwerenganso mavoti komanso ndi kusimba, ndipo wowerenga ndalama pa windo la ku banki amatchedwa "teller", kuchokera ku "tell" amene kale ankatanthauzanso kuwerenga. Chichewa chidakwatitsa manambala ndi mabuku m'malo mwa nthano, moti wina akakuuzani kuti kalaliki akuwerenga, muyenera kusuzumira kuti muone ngati wagwira nyuzipepala kapena mpukutu wa ndalama.

Funso: Ndine mayi wa ku Thekerani. M'buku langa la kuchipatala mudalembedwa kuti "CD4 count" ndi nambala pambali pake. Mlamu wanganso ali ndi mlandu ku khoti ndipo tidamva kuti wapatsidwa "three counts". Kodi liwu limeneli ndi limodzi?

Yankho: Mayi, liwulo ndi limodzi, ndipo m'malo onse awiriwa likugwira ntchito ngati dzina, osati mneni. Kuchipatala "count" ndi chiwerengero chimene chapezeka atayeza magazi. CD4 ndi mtundu wa maselo oyera a m'magazi, aja anthu amangoti asilikali a m'thupi, ndipo kachilombo ka HIV kamalimbana ndi asilikali amenewa. Nambala ili m'buku mwanuyo ikunena kuchuluka kwawo m'kadontho kochepetsetsa ka magazi. Mwa munthu wamkulu wathanzi nambalayi kawirikawiri imakhala kuyambira 500 kupita m'mwamba, ndipo ikatsika kufika pansi pa 200 ndiye kuti chitetezo chafooka kwambiri. Kale nambalayi ndiyo inkagamula ngati munthu ayambe kumwa ma ARV kapena adikire, koma kuyambira 2016 kuno ku Malawi aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala posatengera nambalayo. Musaisokoneze ndi "viral load", imene imayeza kuchuluka kwa kachilombo kenikeniko: CD4 imafunika ikwere, pamene "viral load" imafunika itsike. Tanthauzo la nambala yanuyanuyo pa thanzi lanu akakuuzeni ndi adokotala amene akukuonani, ndipo muli ndi ufulu wowapempha kuti akufotokozereni m'Chichewa.

Ku khoti "count" ndi cholakwa chilichonse chimene chalembedwa pachokha pa chikalata cha mlandu. Munthu akhoza kugwidwa usiku umodzi koma n'kuimbidwa milandu itatu, mwachitsanzo kuthyola nyumba, kuba, ndi kuvulaza mlonda, ndipo woweruza amamufunsa kuti avomere kapena akane uliwonse pawokha. Mlamu wanu angapezeke wolakwa pa umodzi n'kumasulidwa pa inayo. Sizitanthauza kuti akakhala zaka zitatu, monga ena amaganizira akangomva nambala. Ngati wapezeka wolakwa pa ingapo, mvetserani bwino ngati woweruza wanena kuti zilangozo ziyendera limodzi kapena motsatizana, chifukwa kutalika kwa nthawi ya kundende kumadalira pamenepo.

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina ku Bvumbwe. Ana anga saleka kulemba "advices" ndi "furnitures" ngakhale ndiwakonze kangati. Ndiwathandize bwanji kumvetsa za "countable" ndi "uncountable nouns"?

Yankho: Aphunzitsi, anawo sakulakwa mwa umbuli, koma akuganiza bwino m'Chichewa. Ife timati langizo limodzi, malangizo atatu, ndiye mwana akaona "advice" amafuna kumuchulukitsa monga amachitira kwawo. Kuwauza kuti malangizo sawerengeka sikungawagwire mtima, popeza iwo akudziwa kuti agogo adawapatsa awiri dzulo. Choona n'chakuti Chingerezi chidangosankha kuona zinthu zina ngati mulu umodzi, ndipo kusankhako sikutsata nzeru ina iliyonse yoti mwana angaitulukire yekha: "beans" amachulukitsidwa koma "rice" ndi "maize" ayi, chonsecho zonsezi ndi njere.

Yambirani pa zimene anawo amachita kale. Palibe mwana wa ku Bvumbwe amene angapite pa msika n'kukanena kuti akufuna maufa atatu. Amati mbale zitatu za ufa, ndowa ziwiri za madzi, mulu umodzi wa makala. Akazindikira kuti Chichewa nachonso chili ndi zinthu zofuna choyezera kuti ziwerengeke, muwauze kuti Chingerezi chidaika "advice", "furniture", "luggage" ndi "information" m'gulu la ufa ndi madzi, ndipo choyezera chake ndi "a piece of". Liwu lathu lakuti katundu lingakuthandizeni kwambiri pa "luggage" ndi "furniture", chifukwa munthu atasenza zikwama zinayi timangoti ali ndi katundu wambiri. Koma samalani ndi msampha umodzi pomasulira. Tikati pamaliro padabwera anthu owerengeka timatanthauza kuti adali ochepa, ndipo Chingerezi chake ndi "few", osati "countable". Mbali inayo ndiyo imagwirizana bwino, popeza anthu osawerengeka ndi "countless", ngakhale kuti "uncountable" ya m'buku la galamala ndi nkhani ina.

Funso: Mdzukulu wanga adandiwerengera nkhani ya mzungu wina wotchedwa "Count". Kodi ameneyu adali wowerengera ndalama za mfumu? Ndine gogo wa ku Muloza.

Yankho: Ayi agogo, ameneyo sadali msungichuma. Apa pali mawu awiri osiyana makolo amene adangofanana kalembedwe ndi katchulidwe, monga mmene mtengo wa m'nkhalango umalembedwera mofanana ndi mtengo wa pa msika. "Count" wa udindoyu adachokera ku "comes" ya Chilatini, kutanthauza mnzake woyenda naye wa mfumu yaikulu, ndipo m'maiko monga France udali udindo wa munthu wolemekezeka wolamulira dera m'malo mwa mfumu. Dera lakelo ndilo lidapereka liwu lakuti "county", limene mpaka lero likugwira ntchito ku England, ku America, ngakhalenso ku Kenya kumene dziko lidagawidwa m'ma "county" 47. Angerezi eni ake mwamuna wa udindo wotere samutcha "count" koma "earl", chonsecho mkazi wake amamutchabe "countess".